Mchere pa Chipumi cha Mwana Wanga

Mundikhululukire, akuluakulu, kuti munthu ngati ine ndagwira cholembera. Sukulu ndinalekezera giredi 7 ku Magodi, ndipo ngakhale kumeneko aphunzitsi ankandiyamikira chifukwa chosesa bwino m'kalasi. Pamene ndalakwitsa mungokonza mumtima. Ndalemba chifukwa pakamwa nkhaniyi sindinaifikitsepo kumapeto. Pamapezeka wamkulu woimaliza m'malo mwanga.

Ndinakwatiwa mu 1995 ndi msuweni wanga, mwana wa ankhazi, ndiye kuti mlongo wawo wa atate anga. Aliyense anati ndi ukwati wanzeru, poti ng'ombe za malowolo sizinatuluke pabanja. Ankhazi, amene tsopano anali apongozi anga, ankalengeza pachitsime kuti: "Ine sindinatole mkamwana wa kutchire. Awa ndi magazi a adada, opanda chitsotso." Ine ndinkangogwada n'kuyankha kuti yewo.

Chaka chotsatira ndinabereka mwana wamwamuna, ndipo kwa miyezi itatu ndinali munthu. Kenaka chinayamba chifuwa. Mwanayo ankayamwa ngati watumidwa, koma osanenepa. Makhololo ake anali olimba ngati ulimbo, chimbudzi chake chamafuta, chonunkha moti matewera ndinkakachapira kuseri kwa nthochi. Kukiliniki anatipatsa mankhwala a chifuwa otsekemera. Anawamwa mokondwa, n'kupitiriza kutsokomola.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, tinali pamphasa ndi amayi ena a m'mudzimo tikusenda mtedza. Ankhazi anamupsompsona mwana pachipumi, n'kuima. Anamunyambita. Anamunyambitanso.

"Mchere!" anatero. "Bwerani mulawe, amayi inu, mungadzati ndikunamizira munthu."

Mwana wanga anazungulira mphasa yonse ngati ndiwo za mlendo. Amayi anayi analawa, anayi onse anagwedeza mutu. Ine ndinkadziwa kalekale kuti mwana wanga ndi wamchere, koma ndinkayesa kuti ana onse ali choncho, poti wina ndinali ndisanamunyambitepo.

Kwathu mwana akamatsokomola n'kumaonda sitivutika kuganiza, ndi mdulo. Ndiye kuti mayi wathira mchere m'ndiwo ali kumwezi, kapena wayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzagwira mwana. Amati bambo nayenso angathe kudula mwana wake. Koma amuna anga ankangopita ku Chipata kukagulitsa fodya, ndipo ku Chipata, monga mukudziwa, kulibe akazi.

Tsono umboni unali pachipumi. Thumba la mchere linasamukira m'nyumba ya ankhazi, ine anandiletsa kuukhudza, ndipo phala la mwana linkaphikidwa lozizira, lopanda ngakhale kambewu kamodzi ka mchere. M'mawa uliwonse, ndikamapereka madzi osamba, ankhazi ankandikumbutsa mwachikondi.

"Ulula, mkamwana. Tchula dzina la mwamunayo, timupezere mwana mankhwala."

"Palibe, ankhazi."

"Palibe, eti? Ndiye mcherewu wagwa ndi mvula? Uzidziwa kuti ukamabwerera kwanu ubwerera ndi chitenje chako chokha. Mwana ndi wa ng'ombe zathu."

Mawu omalizawo ndi amene ndinkawaopa. Kubwerera kwathu ndikanapirira, koma kusiya mwana m'manja mwa anthu omudyetsa mizu yowawa, ayi. Ndivomere pano kuti ndinatsala pang'ono kuulula, chifukwa sindinaphunzire kukhumudwitsa akulu. Ndinawerenga amuna onse a m'mudzimo m'mutu, kufuna woti nditchule popanda kumuphera banja. Ndinapeza mmodzi yekha, mkulu wokonza njinga, wamasiye ndiponso wogontha. Chinandiletsa n'chakuti ankhazi akanaseka.

Mwana atayamba kupuma ngati mluzu, amuna anga anamanga ng'ombe pangolo kuti tipite kuchipatala cha ku boma. Ankhazi anakwera nawo, kuti ndisakanamize adokotala.

Tinakhalako masiku angapo. Anamuyeza TB, sanaipeze. Kenaka anabwera dokotala wina, mayi wochokera kunja, ndi nesi womasulira. Anafunsa za chimbudzi cha mwana kwa nthawi yaitali, moti ndinachita manyazi. Ndiye anafunsa kuti: "Mukamupsompsona, kodi amamveka mchere?"

Ankhazi anaimirira. "Mwamva? Ngakhale azungu aona! Auzeni, anesi, kuti wakana kuulula."

Nesi sanawauze. Dokotalayo anatenga pepala n'kujambula timizere tiwiritiwiri. Anati munthu aliyense amalandira malangizo a thupi lake pawiri, ena kwa bambo, ena kwa mayi. Pali kalangizo kamodzi kamene kamayendetsa mchere ndi madzi m'thupi. Kakalakwika mbali imodzi yokha, munthu sadwala, amangokanyamula osadziwa mpaka kukalamba. Koma mwana akalandira kolakwika kwa bambo ndi kolakwika kwa mayi, makhololo amalimba n'kutseka m'chifuwa ndi m'mimba, mchere n'kumatulukira m'thukuta. Dzina la matendawo anati ndi sisitiki faibulosisi. Ndinalilemba padzanja ndi cholembera cha nesi. Anati kuno matendawa saoneka kawirikawiri, ndipo kuti atsimikize pafunika kukayeza thukuta ku Lusaka, koma zizindikiro zonse zinkaloza kumeneko. Ananenanso, mosazungulira, kuti sachizika.

"Kodi bambo ndi mayi a mwanayu ndi pachibale?" anafunsa.

Ankhazi anakonza duku. "Kwambiri. Uyu ndi mwana wanga, uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Ndinasankha ndekha."

Dokotala anayankhula, ndipo nesi anamasulira akuyang'ana nsapato zake. Anati n'kutheka kuti kolakwikako kanachokera kwa kholo limodzi, atate awo a ankhazi kapena amayi awo, n'kugawikana mwa ana. Kwa ine kanadzera mwa atate anga. Kwa amuna anga kanadzera mwa iwo eni ake.

"Mwa ine?" anatero ankhazi. "Munandimvapo ine ndikutsokomola? Mufunseni dokotala wanu wachitsikanayu ngati anaberekapo."

Funso limenelonso nesi analimeza. Dokotala anandionetsa momwe ndingapindire dzanja ngati chikho n'kumamuomba mwana pamsana ndi m'nthiti, m'mawa ndi madzulo, kuti makhololo asunthe. Anati ndizimuthirira mafuta m'phala. Pomaliza anati nyengo yotentha ndizimuonjezera mchere, poti thupi lake limautaya wambiri. Apa ankhazi anatuluka kukaona ngati ng'ombe zamwa madzi.

Pobwerera palibe anatchula dokotala. Amuna anga anakamba za chiboda cha ng'ombe kuchokera ku boma mpaka kumudzi.

Kwa masabata awiri ndinkayenda ngati wapambana mlandu. Thumba la mchere linabwerera lokha m'khitchini mwanga, osadziwa analinyamula ndani. Ankhazi ankauza amayi pachitsime kuti dokotala uja ndi mwana, sadziwa kanthu. Koma zinaoneka kuti pa zonse zopanda nzeru zimene mwanayo ananena, iwo analoweza chimodzi: kuti tikabereka wina, nayenso angathe kubadwa chimodzimodzi.

Anaitanitsa atate anga. Tinakhala pamthunzi wa nkhokwe, amuna pamipando, ife pansi.

"Achimwene," anayamba ankhazi, "mwana wanuyu alibe mlandu. Ndani anati ali ndi mlandu?"

Aliyense anayang'anayang'ana kufuna munthu woipayo. Sanapezeke.

"Koma mwamva za kuchipatala. Magazi awa asakumanenso. Ife sititsutsana ndi madokotala."

Amuna anga, anapitiriza ankhazi, atenga mkazi wa ku Kapichila, wosakhala m'bale. Mwamwayi anali atapezeka kale. Atate anga anakanda pansi ndi ndodo n'kunena kuti ng'ombe zikambidwa tsiku lina. Amuna anga ankayang'ana nkhuku. Ndinaona kuti nkhani ikutha ndipo palibe watchula chimene ndinabwerera pamenepo. Ndinagwada bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mudzi umenewo ndinayankhula ndisanafunsidwe.

"Pepani, akuluakulu. Nanga mwana?"

Mwana wa ng'ombe zawo anali kumsana kwanga, akupuma ndi kaphokoso kake.

"Mwana ndi wathu, zimenezo n'zosakambirana," anatero ankhazi. "Koma zomuomba pamsana kawiri patsikuzo angazithe ndani, ndi minda ili apayi? Tikukubwereka. Akachira tidzamutenga."

Iwonso analipo pamene dokotala ananena kuti sachizika, ndipo makutu awo anali abwinobwino.

Ndinaomba m'manja kuthokoza, monga mwa mwambo. Ndathokozapo akulu pa zinthu zambiri zimene sindinazifune, koma tsiku limenelo kuthokoza kwanga kunali koona. Ndinamanga zovala ndi matewera m'chitenje, atate anaziika pakaliya ya njinga, ine n'kumatsatira pambuyo ndi mwana wobwerekayo. Sanabwere munthu kudzamufunsa.

Tinatuluka m'mudzimo Lachiwiri, pa 14 Okutobala 1997.