Angelo a pamanda, mmodzi kapena awiri

Funso limene linakhazika mwamuna wanga pa benchi ya kumbuyo tsiku la ubatizo wa mwana wathu silinali lake. Linali langa. Amayi anga sadziwa, akulu a mpingo sadziwa, ndipo aka n'koyamba kuti ndiulule.

Ndili ndi satifiketi ya usekeletale. Kukoleji anatiphunzitsa chinthu chimodzi mpaka chinalowa m'magazi: ukataipa kalata, uiike pambali pa yoyamba ija, uyendetse chala mzere ndi mzere. Ndiye sabata ya Pasaka, ndili pa tchuthi cha uchembere m'kafulati kathu ku Kabwata, mwana ali kubere, ndinawerenga za kuuka kwa Ambuye m'mabuku onse anayi a uthenga wabwino motsatizana. Chala chinaima chokha. Buku lina likuti pamanda panali mngelo mmodzi, lina likuti awiri. Ngakhale amayi amene analawirira kumandako, buku lililonse lili ndi chiwerengero chake.

Ndinatseka Baibulo msanga ngati ndaba. Mwamuna wanga atabwera kuchokera kuntchito ku Longacres, ndinamunong'oneza. Ndinkangofuna andiuze kuti ndawerenga molakwa, basi.

Kalanga ine! Munthu amene Baibulo lake la paukwati linali lidakali m'pulasitiki, pa masabata awiri anasanduka pulofesa. Foni kukhutu, kumvetsera azungu akukangana za zikopa zakale za Baibulo ndi alembi okopera pamanja. Kubafa nazo. M'minibasi nazo, mpaka tsiku lina kondakitala anamuuza kuti, "Ba bosi, selukani, Chigiriki mukamalizile kunyumba."

Kumpingo kwathu mwana asanabatizidwe, mkulu wa mpingo amabwera kunyumba kudzaona ngati makolo ali oyenera kuima kutsogolo ndi kulonjeza. Wathu ndi mphunzitsi wopuma, wa jekete limodzi chilimwe ndi dzinja. Anafika Loweruka masana. Amayi anga nawonso anachokera ku Chilenje atavala yunifomu ya chigwirizano, popanda wowaitana.

Tiyi asanazizire, pulofesa anayamba.

"Ba elda, pamanda paja angelo anali angati?"

Mkuluyo anamaliza kaye kutafuna buledi. "Mwana wanga, minibasi ikagunda wilibala pa msika wa Soweto, funsa anthu anayi. Wina ati tomato anali mabokosi awili, wina ati limodzi. Ndiye kuti ngozi sinachitike?"

"Koma ba elda, mboni za pa Soweto sitiziwelenga paguwa pa Sondo."

"Akanakamba zolingana ndendende, sembe ukuti anapangana."

"Kapena anakopelana, wina n'kukopela molakwa."

Amayi anaomba m'manja kamodzi. "Apongozi, angelo mwayamba kuwawelenga monga mbuzi? Kodi ndimwe munawaweta?"

Anakangana mpaka tiyi anatha kawiri. Mwamuna wanga ankatchula zaka mazanamazana zimene anamva pafoni, mkulu ankayankha ndi zimene anamva kwa abusa, amayi ankabuula. Baibulo linali pomwepo pamwamba pa wailesi ya kanema, palibe amene analitsegula. M'chipinda monsemo munthu amene anawerengadi masamba aja anali mmodzi, ndipo anali kutsanulira anthu mkaka.

Kenaka mkulu anatembenukira kwa ine. "Nanga imwe amake mwana, muli nacho chikayiko?"

Mwamuna wanga anandiyang'ana akumwetulira, ngati munthu amene mboni yake yafika. Amayi anandiyang'ananso. Ndinaona mwana wanga akukula wosabatizidwa, amayi akufunsidwa kuchigwirizano kuti mdzukulu zili pati.

"Iyayi, ba elda," ndinatero. "Ine nikhulupilila zonse monga mwamene zinalembedwela."

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono.

Chigamulo chinali chakuti mwana abatizidwe pa chikhulupiriro cha mayi, bambo ayambe alowa kalasi. Kalasiyo anaikana. Tsiku la ubatizo ndinaima kutsogolo ndi amayi, iye ali kumbuyo pafupi ndi chitseko, pakati pa ochedwa ndi amayi a ana olira. Ndinalonjeza mokweza, mawu osanjenjemera.

Tsopano ku Chilenje amamutcha "uja wa angelo". Amayi amamupempherera pagulu, mokweza, ndi kufotokoza mwatsatanetsatane kuti Mulungu asamusokoneze ndi mpongozi wa wina. Ine amandimvera chisoni, akuti ndasenza mtanda. Mayi wina anandipatsa chitenje chifukwa cha kupirira kwanga, ndipo ndinalandira ndi manja awiri.

Iye sanandiululepo. Zachigiriki anazisiya, wabwerera ku mpira, koma ndikamapemphera pachakudya satseka maso, amangondiyang'ana. Ndikananena zoona tsiku lija, sembe tonse awiri tili pa benchi ya kumbuyo, mwana ali pamiyendo wopanda madzi pamutu. Inu amene muli ndi ana ndi amayi okhala pafupi, ndiuzeni: ndinachita bwino?