Chiphaso chili m'thumba la jekete

Bambo anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pamudzi pathu ku Nkhulambe aliyense ankadziwa chochita. Adzukulu anakumba manda, amayi a kutchalitchi anaimba, amalume anathamangira matabwa a bokosi. Mpaka lero anthu amati maliro aja anali aulemu. Ine ndimangowayang'ana.

Amene anasankha zovala za malemu anali azakhali, mlongo wawo wa bambo. Anatulutsa jekete yakuda imene bambo ankavala Lamulungu, n'kulowetsa m'thumba mwake kachikwama kawo. Ndinaona ndi maso angawa. Mtsikana wolekezera sukulu Fomu 2 anganene chiyani pakati pa akuluakulu?

Patatha masabata atatu tinamva kuti feteleza wotsika mtengo wafika. Pakhomo pathu dzina lolembedwa linali la bambo. Kogulitsirako anati popanda chiphaso cha unzika cha mwini dzina palibe thumba lotuluka. Ngati mwiniyo anamwalira, tikatenge kalata ya imfa ku boma kuti dzina lisinthidwe, likhale la amayi. Tinasanthula nyumba yonse kufunafuna chiphasocho, mpaka kutembenuza mphasa. Kenako ndinakumbukira kachikwama kaja.

"Azakhali, m'kachikwama muja munali chiyani?"

"Chiphaso chake. Munthu angayende ulendo wotere wopanda chomudziwitsa?"

"Kumeneko kuli rodibuloko?"

"Pakamwa pakopo, mwana iwe, m'pamene panakutulutsa sukulu."

Amayi miyendo inali itatupa, choncho njinga ndinapalasa ndine. Ndinafika ku boma fumbi lili mpaka m'mano. Mu ofesimo munali bambo wina wa tayi, wolankhula Chichewa cha kwina, osati chathu chosakaniza Chilomwe.

"Achemwali, chiphaso cha malemu chili kuti?"

"M'thumba la jekete, bwana."

"Nanga jeketeyo?"

"Avala."

Kenako anafunsa ngati tinakoperapo nambala yake penapake, kapena kuchijambula pa foni. Palibe anachita zimenezo. Anafunsa ngati imfayo tinakainena kuchipatala. Ndinati bambo anafera pakhomo, tinauza abale ndi mpingo basi. Anandipatsa fomu, nati ndibwere ndi kalata yakumudzi komanso mboni ziwiri. Sanali munthu woipa. Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti anali kulondola.

Ndinapalasa ulendo umenewo kanayi. Tsiku lina mboni inali kumunda, tsiku lina makina anali opanda netiweki. Kalata ya imfa itatuluka, mvula inali itagwa kale, chimanga chili m'mawondo, ndipo kogulitsira feteleza kunali kotseka.

Chimangacho chinachita chikasu chisanamasule. Tinakolola dengu limodzi ndi theka. Chaka chimenecho zimene zinatisunga ndi chinangwa ndi nandolo, mbewu zosafunsa chiphaso.

Azakhali anabwera nthawi yokolola. Anaima m'mphepete mwa munda manja ali m'chiuno.

"Bambo ako akanakhalapo, munda sukanaoneka chonchi."

"Feteleza wake ali naye komweko, azakhali. Munawapatsira ndinu."

Sanandilankhule miyezi iwiri, ndipo sindinadwale nazo.

Chaka chatha amalume aja a matabwa nawonso anatisiya. Anthu akuyamba kulira, ine ndinalowa kuchipinda, n'kupisa m'matumba a malaya awo onse. Amayi ena ananong'ona kuti mwanayu ndi wopanda ulemu, akufuna ndalama za malemu. Ndinatuluka ndi chiphaso, n'kuchiika m'manja mwa akazi awo.

"Ichi musapatse azakhali," ndinatero, n'kupita kukatunga madzi.