Manja a Pansi pa Tabuleti

Nasingano silinali dzina lake lobadwa nalo, koma mumsewu ule munalibe wodziwa lina. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri ankakhala pawindo, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya zitsulo, akukonza zovala zong'ambika. Zatsopano sankasoka. Ntchito yake inali jekete lobooledwa ndi ndudu, thalauzi lokodwa pa msomali, diresi lodyedwa ndi njenjete. Ankasolola ulusi kumpendero wa chovala chomwecho n'kuuluka pabowopo, umodziumodzi, wopingasa ndi woongoka, mpaka mwiniwake asowe pomwe panang'ambika. Ena ankafika pomukayikira, ati wawasinthira chovala.

Pa chala chachikulu cha kumanzere anali ndi chipsera cha lumo. Akamasoka, kachala kakang'ono ka kumanja kankaimirira kokha, ngati ka munthu womwa tiyi pa alendo.

Mng'ono wake, yemwe banja lonse linkangomutcha Chitsiriza, anabwera chaka chomwe ntchito yake ya m'sitolo ya mafoni inatha. Anafika ndi chikwama chimodzi ndi tabuleti, foni yaikulu yojambulira, yong'aluka pakona. Nasingano ndiye anamulera mayi awo atamwalira, choncho panalibe zofunsana. Anamupatsa bedi, iye n'kutsikira pa matiresi.

"Achemwali, luso lanuli likuolera m'kachipinda muno," anatero Chitsiriza tsiku lina. "Anthu kunjaku akufuna kuphunzira zimenezi. Tijambule kanema."

"Aonere nkhope yotopa ngati iyi?"

"Nkhope ayi. Manja okha. Zoyankhula mundisiyire ine, inu paja mawu mumachita kuumira."

Poyamba Chitsiriza ankagwira tabuleti m'manja. Mikono inkalema, ndipo kanemayo ankagwedezeka ngati wojambulira m'basi pa msewu wa maenje. Ndiye anagula chamiyendo itatu: miyendo yachitsulo yotalikitsika, khosi lopindika, ndi chopanira pamwamba chogwira tabuleti. Anachiimika m'mbali mwa tebulo n'kupinda khosi kuti tabuleti iziyang'ana pansi, pomwe pali manja.

Tsiku loyamba chinagwa chafufumimba. Tabuleti inali yolemera, ndipo ikapanda kugwetsa chonsecho inkatsetsereka m'chopaniramo pang'onopang'ono mpaka kujambula mapazi. Chitsiriza anachitukwana n'kutuluka. Nasingano anachiyang'ana nthawi yaitali monga ankayang'anira bowo la pa jekete. Anasoka kathumba, anathiramo mchenga, n'kukamangirira ku mwendo wakumbuyo. Anadula kansalu kochindikala n'kukapinda m'chopanira, tabuleti n'kuleka kutsetsereka. Pansi anajambula timizere titatu ta choko posonyeza poponda miyendo, kuti tsiku lililonse asamayambirenso kuyeza.

Kanema wa mphindi zisanu ankadya m'mawa wonse. Nasingano ankapukuta windo, kusita nsalu yoyera yoyala patebulo, ndi kukoka tebulolo kulondola kuwala, chifukwa dzuwa linkalowa bwino kwa ola limodzi lokha. Ankasoka atapendeketsa mutu kuti usatchinge tabuleti, khosi n'kumauma. Mthunzi ukadutsa, ankamasula zomwe wasoka n'kuyambanso, mwina kanayi. Akatha ankapinda miyendo ija, kusesa ulusi, kenaka n'kuyamba ntchito ya makasitomala, yomwe inali itamudikira.

Panalinso za zikhadabo. Asanajambule, Chitsiriza ankamugwira dzanja n'kumupaka kyutekisi wofiira.

"Manja anu ndi a ntchito, pa kanema amaoneka ouma. Vulaninso mphete, imanyezimira."

Mpheteyo inali ya ukwati, ya malemu mwamuna wake. Ankaivula n'kuiika m'chitini cha mabatani. Chipsera chija Chitsiriza ankachikwirira ndi paudala. Akatha, Chitsiriza ankapakanso zikhadabo zake. "Wotsalayu angaumire m'botolo," ankatero. Nasingano ankakondwera ndi kamphindi kameneko. Chiikireni mwamuna wake m'manda, panalibe wina anamugwirapo dzanja.

Makanemawo sankawaonera. Foni yake inali ya mabatani, ndipo pofika madzulo maso ankakhala atatopa. Ankangoona kuti zovala zikuchuluka, ndiponso kuti Chitsiriza ndiye ankathamangira pakhomo kukalandira anthu.

Lachiwiri lina m'mawa, Chitsiriza atapita kokakonzetsa tsitsi, kunabwera bambo wachikulire atanyamula jekete m'pepala. Anati ndi mphunzitsi wa zosoka pa sukulu ya ntchito zamanja.

"Ndikufuna madamu a m'makanema aja."

"Atuluka pang'ono. Ndikuthandizeni?"

"Inu ndinu wowathandiza? Chonde mayi, musakhumudwe, koma jekete ili musaligwire. Ndi la malemu bambo anga. Ndikufuna manja a iwowo. Muwauzenso kuti Lachisanu tikuwadikira kusukulu, ana asukulu akufuna kuwaona akusoka pamaso."

Nasingano anati sanamvetse. Bamboyo anatulutsa foni n'kumuonetsa. Kanemayo anayamba ndi nkhope ya Chitsiriza ikupereka moni, dzanja la zikhadabo zofiira likukupiza. Kenaka panabwera tebulo, nsalu yoyera yomwe iye anasita, ndi manja a zikhadabo zofiira zomwezo, kachala kakang'ono kali njo. Mawu a Chitsiriza ankati: "Manja angawa palibe anawaphunzitsa. Ambiri mumafunsa kuti amandithandiza ndani. Palibe. Ndili ndekha, ine ndi chamiyendo itatu changachi basi. Chimenechi ndiye m'bale wanga."

"Mwaona?" anatero mphunzitsi. "Luso ili n'losowa. Muziphunzirako pomwe muli pafupi."

"Zikomo bambo," anayankha Nasingano. Analandira jekete ndi manja awiri n'kulipachika.

Bamboyo atapita, anakhala pampando n'kuyang'ana zikhadabo zake. Sanalire. Ankangowerenga m'mutu m'mawa uliwonse womwe ankatambasula dzanja, iye akuyesa kuti mng'ono wake akumusamala.

Chitsiriza anabwera masana akununkhira mafuta a tsitsi. Ataona jekete ndi nkhope ya mkulu wake, anadziwa kuti zaululika.

"Ndimati ndikuuzeni, achemwali."

"Liti?"

"Anthu amafuna munthu mmodzi, nkhope ndi manja. Mukawauza kuti ndife awiri amasokonezeka. Nanga si zonse zikulowa m'nyumba muno momwemo?"

"Ukanati manja ndi a mkulu wanga, lilime likanathothoka?"

"Mwayamba kukoka nkhani. Inu nomwe munakana nkhope."

"Ndinakana nkhope. Sindinakane kubadwa. Chitsulo icho wachitcha m'bale wako."

"Inali nthabwala."

"Lachisanu ukasoka ndi chiyani?"

Chitsiriza anali ataganiza kale. Adzajambula jekete la mphunzitsi Lachinayi, Lachisanu iye adzamanga bandeji padzanja, adzanena kuti wapsa ndi simbi, n'kuwaonetsa kanema. Anafotokoza zimenezi mosapsatira, akuvula nsapato, ngati akunena zokagula sopo.

Lachinayi Nasingano anapukuta windo monga mwa masiku onse. Anaimika miyendo pa timizere ta choko, anamangirira kathumba ka mchenga, anapana tabuleti. Chitsiriza anabwera ndi botolo la kyutekisi. Nasingano anaika manja pamiyendo. Anali atapala zikhadabo, mphete ili pachala.

"Yatsa," anatero.

Chitsiriza anayatsa. Nasingano anagwira khosi la chamiyendo itatu n'kuliwongola mpaka tabuleti inamuyang'ana kumaso. Anadziona: mpango wakale, magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi.

"Ine ndine mwini manja mumawaona aja," anatero.

Chitsiriza anaseka pang'ono, osati mwachipongwe, koma ngati woseka mwana. "Achemwali, pamenepo ndidula. Mukudziwa kuti ndimadula ndine."

Nasingano anagwedeza mutu. Zimenezo sanaziganizire. Anaimirira, anapindanso khosi lija kuti liyang'ane patebulo, anayala jekete pansi pake, n'kutunga ulusi pasingano. Kenaka anakoka mpando.

"Khala. Manja ako ndi awo, ofiira kale. Ine ndikugwirira chitsulochi, chingagwe."

Chitsiriza anayang'ana singano, anayang'ana bowo. Linali laling'ono, losakwana chikhadabo, pamwamba pa thumba la pachifuwa. Sanakhale.

"Mukufuna ndichite manyazi pa anthu?"

"Ayi. Ndikufuna usoke."

"Kukulera kwanu kuja ndiye kumeneku?"

Chitsiriza anazula tabuleti m'chopanira, kansalu kaja n'kugwa pansi. Analongedza chikwama chake, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atapita kwa mnzake. Chamiyendo itatu anachisiya, mwina chifukwa popanda kathumba ndi kansalu sankadziwa kuchiimika.

Lachisanu m'mawa Nasingano anatseka kachipinda kake, zomwe anali asanachitepo pakati pa sabata. Anakulunga jekete m'pepala lomwe lija, bowo lake likadalipo, n'kukwera basi. Kusukuluko anapeza ana asukulu atakhala kale pa mabenchi. Mphunzitsi anayang'ana kumbuyo kwake.

"Madamu ali kuti?"

"Sabwera. Ndipatseni tebulo la pawindo."

"Mayi, ndinanena kuti jekete ili..."

"Munanena, bambo. Imani pafupi. Mukaona kuti ndikuliwononga, mundigwire dzanja."

Mphunzitsi anaima pafupi ndithu, mikono itapindidwa. Nasingano anatembenuza mpendero, anasolola ulusi umodzi, anautunga. Panalibe chomutchinga pamwamba, koma mutu wake unapendekeka wokha monga unazolowera. Anaoloka bowolo kamodzi, kawiri, katatu. Ana asukulu anadzuka pa mabenchi n'kumuzungulira. Kachala kakang'ono kanaimirira.

Mphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Manja awa ndikuwadziwa," anatero motsitsa mawu. "Mayi, pepani. Madamu aja ndi ndani wanu?"

Singano inaima.

"Ndi mng'ono wanga," anatero Nasingano. "Amatha kuyankhula bwino." Kenaka anauza mtsikana wa kutsogolo kuti asunthe pang'ono, akutchinga kuwala.

Anabwerera masana. Anakhoza kuvala mphete yake tsiku lonse, ndipo panalibe woti amuvule. Chamiyendo itatu chinali chikadaima pa timizere ta choko, chopanira chili yasa, chikuyang'ana tebulo lopanda kanthu. Anatola kansalu kaja pansi, anakakung'untha, n'kukaika m'chitini cha mabatani. Usiku umenewo bedi linali lopanda munthu, koma iye anagonabe pa matiresi.