M'kati mwa Jezi ya Adani

Apongozi ake a Darnell, mkulu wa mpingo m'katauni ka ku Ohio, amavala jezi ya timu yawo ya mpira wa ku America kunsi kwa jekete la kutchalitchi. Iwo amati osewera awo ndi anyamata oopa Mulungu, koma a timu ya kutsidya kwa mtsinje, imene Darnell amasapota, ndi zigawenga zobisala m'zisoti.

Lamulungu lina akuonera mpira pa TV, wosewera wa kutsidyako anagundidwa n'kugona osatakataka. Darnell anangoona mdalayo akusiya mbale ya mapiko a nkhuku n'kugwada, mawondo akulira.

"Bambo, lero mukupempherera chigawenga?"

"Takhala chete iwe! Ine ndimadana ndi jeziyo. M'katimo muli mwana wa munthu, ndipo mayi ake akuonera TV ngati ifeyo."