Flywell ndi Mapu a M'chikwama

Inu amene munagwapo pa ntchito yomwe mumati mumaidziwa, tamvani za Flywell.

Tsiku lomwe analephera mayeso a otsogolera anthu m'mapiri a Scotland, anafika kunyumba ku Govanhill, mumzinda wa Glasgow, osafuna ngakhale tiyi. Munthu wa ku Likhubula ameneyu anakwera Sapitwa kosawerengeka, katundu wa alendo ali pamutu. Koma ku Glasgow, komwe anatsatira mkazi wake Vainess, namwino, ankangokolopa masitepe a nyumba zosanja.

Chinamugwetsa n'chaching'ono. Chifunga chitatsika, woyesa anamuuza kuti aloze pa mapu pomwe aima. Mapuwo anali pansi pa chikwama, osatambasulidwa n'komwe. Ku Mulanje njira ankaisunga m'mutu: mwala uwu, mkungudza uwo. Koma abale, phiri la eni silikudziwa!

Zinamuwawa kwambiri. Agogo ake ndi bambo ake anasenzera alendo katundu mpaka pansonga ya Sapitwa, koma m'mabuku a m'nyumba zogona m'phirimo alendowo ankalemba mayina awo okha. Flywell ankafuna pepala limodzi lokha lokhala ndi dzina la banja lawo. Tsopano anauza Vainess kuti basi, wazisiya.

"Bambo a Pempho," anatero Vainess mofatsa, "kodi Sapitwa munabadwa mukuidziwa? Suja munkalondola bambo anu pambuyo?"

Loweruka lotsatira anatenga mapu ndi kampasi, kachipangizo kolozera kumpoto, n'kupita ku Queen's Park. Bambo wamkulu, ndevu pepeya, kuwerenga mapazi kuchoka pa benchi kufika pa mtengo! Anzake a ku tchalitchi ankamuseka kuti wasochera m'paki. Iye ankaseka nawo, n'kupitiriza. Anatero chaka chathunthu, mvula kaya mphepo.

Asanabwereze mayeso, anapita kukadziyesa yekha pa A' Mhaighdean, nsonga yakutali kumpoto, yomwe munthu amayenda tsiku lonse kuchoka pamsewu kuti aifike. Akutsika, chifunga chija chinabweranso. Miyendo yake, yomwe sinamunamizepo ku Mulanje, inkakokera kumanja. Kampasi inkaloza kumanzere.

Anaima kanthawi. Kenako anamvera kampasi.

Chifunga chitayera anatembenuka. Kumanja kuja kunali phompho.

Pa mayeso achiwiri mapu sanachoke m'manja mwake, ndipo anakhoza. Lero satifiketi ili pakhoma ku Govanhill. Mlendo akamawerenga mayina ali pamenepo, Flywell amaloza dzina lachiwiri n'kunena kuti, "Ili ndi la agogo anga. Anafika pa Sapitwa ine ndisanabadwe, koma lalembedwa pano."

Mwina nanunso mwafika kwina kumene luso lanu lakale silikukwanira. Si manyazi kuyambiranso, ngakhale anthu akusekeni m'paki. Tulutsani mapu anu m'chikwamamo. Osataya mtima.