Akazi Awiri a Mwezi

"Amalume, kodi Chekechani ndi ndani?"

Odete anafunsa funsoli pamaliro a bambo ake, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amalume ake anayang'ana kumbali. Mmodzi mwa amayi amene ankanong'onezana pansi pa mtengo wa mango anayambitsa nyimbo. Amayi ake a Odete, a Rosinha, anali okha pakhonde, mutu uli m'mawondo, ndipo panalibe wokhala nawo pafupi.

Ngati munakulira m'tauni, kumene magetsi amabisa kumwamba, mwina nanunso simukumudziwa. Kumidzi ya pakati pa Milange ndi Mongue akuluakulu amati mwezi ndi mwamuna wamitala. Mkazi wake wamkulu ndi Puikani, nyenyezi yowala kwambiri imene imaoneka kumadzulo dzuwa likangolowa. Iyeyu amadziwa kusamala mwamuna, n'chifukwa chake mwezi ukatulukira kwa iye uli kachidutswa, umanenepa tsiku ndi tsiku. Wamng'ono ndi Chekechani, nthanda ya m'bandakucha ya kum'mawa. Iyeyu ndi woumira, ndipo mwezi ukafika pakhomo pake umawonda mpaka kufa.

A Belarmino, bambo ake a Odete, analinso ndi makomo awiri. Dona Constância, amene anamanga nawo ukwati kutchalitchi, ankakhala kumadzulo kwa mtsinje. A Rosinha ankakhala kum'mawa, kufupi ndi kachipatala. Bamboyo akakhala bwino ankagona kumadzulo. Chifuwa chikawagwira ankawoloka mtsinje, chifukwa jekeseni inali pafupi, komanso a Rosinha sankatopa kuchapa zofunda. Akachira ankabwerera. Ulendo wachitatu sanabwerere.

Anthu anaona munthu akuwoloka ali wonenepa n'kukafera kutsidya ali mafupa okhaokha. Sanavutike kukafunsa anamwino. Yankho linali kale kumwamba, ndipo amene analitsitsa pansi anali Dona Constância, polira pafupi ndi bokosi.

"Chekechani wandiphera mwamuna ndi njala!"

Dzinalo linakakamira. A Rosinha ankagulitsa mandasi pamsika, koma anthu anayamba kuwalambalala. "Gulani kwa Chekechani muwonde," ankatero anyamata anjinga, msika wonse n'kuseka. Kusukulu Odete sanalinso Odete, anali mwana wa Chekechani. Anazolowera kukhala kumbuyo ndi kusakweza mkono. Mayeso a dezima, kalasi ya khumi, analephera kawiri, ndipo anasiya.

Anatenga njinga yakale ya bambo ake n'kuyamba kunyamula nyemba kupita nazo kumalire a Muloza. Ankanyamuka tambala woyamba akulira. Miyezi ina nthanda inkamuperekeza njira yonse, ndipo iye ankapalasa maso ali pa fumbi kuti asaione.

Mmodzi mwa omugula anali a Profesora Mércia, amene anamuphunzitsa sayansi m'zaka zonse ziwiri zimene analephera. Tsiku lina Odete akutsitsa nyemba pakhomo pawo kusanache bwino, iwo analoza kum'mawa.

"Waona m'mene Vénus ikuwalira lero?"

"Ameneyo ndi Chekechani," anayankha Odete, osakweza mutu.

"Nanga uja wamadzulo?"

"Puikani."

A Profesora anaseka mpaka kugwira chitseko. "Iwe, izi ndinaphunzitsa kawiri uli momwemo. Unkawerenga malata a denga kodi? Ndi chinthu chimodzi chimenecho."

Anamufotokozera ali chiimire, tsache lili m'manja. Anati nyenyezi zenizeni ndi madzuwa, zimayaka zokha, koma zili kutali kwambiri, ndipo dzuwa lathuli ndi nyenyezi imene tinayandikana nayo. Vénus si nyenyezi n'komwe. Ndi pulaneti, dziko longa lathuli, ndipo imazungulira dzuwa n'kumawala ndi kuwala kobwereka. Popeza njira yake ili pafupi ndi dzuwa kuposa yathu, sitalikirana nalo. Miyezi ina imalitsatira polowa, miyezi ina imalitsogolera potuluka.

Ataona kuti mtsikanayo waleka kumasula chingwe cha thumba, anasiya kuseka.

"Usandikhulupirire ine. Tenga kalendala. Ukaiona m'mawa, lemba mtanda. Ukaiona madzulo, lemba mzere. Tsiku limene udzalembe zonse ziwiri, udzabwere udzanditukwane."

Odete anachotsa pakhoma kalendala ya kuparishi. Kwa miyezi isanu analemba mitanda yokhayokha. Kenako nthanda inamira m'kuwala kwa dzuwa, ndipo kwa miyezi iwiri sanalembe kanthu. Kenako Puikani anatulukira kumadzulo, mizere n'kuyamba. Nthawi yadzinja mitambo inamudyera masabata athunthu.

Tsiku lina m'bandakucha anaona nyenyezi yowala kum'mawa, chikhalirecho dzulo lake anali atalemba mzere. Anatsika panjinga n'kukhala pathumba la nyemba, akulira. Anafika kwa a Profesora maso ali psuu.

"Ndabwera kudzakutukwanani."

"Tukwana, koma uyambe wandiuza. Imawala ngati ija?"

"Imacheperako."

"Ameneyo ndi Júpiter, pulaneti ina. Ndi wamkulu kuposa onse, koma amakhala kutali. Pita ukalembe bwino."

Pamene miyezi khumi ndi isanu ndi inayi inkakwana, Vénus inali itabwerera pamene anaiyambira, ndipo panalibe tsiku ngakhale limodzi lokhala ndi mtanda ndi mzere pamodzi. Akazi awiri a mwezi anali asanaonekepo tsiku limodzi, ndipo m'mudzi monse munalibe amene anadabwapo nazo.

Nthawi imeneyo a Rosinha anali atayamba kudwala. Odete anayala makalendala awiri pamphasa yawo.

"Amayi, Chekechani kulibe. Iye ndi Puikani ndi mmodzi. Ndipo mwezi suwonda ayi, timangoona mbali imene dzuwa likuwalitsa. Palibe amaumana chakudya."

A Rosinha anayendetsa chala pamitanda ija, ngakhale sankadziwa kuwerenga.

"Walemba bwino, mwana wanga. Koma pepala lako lingakalankhule pachitsime?"

Anamwalira mvula isanathe. Uthenga unayenda m'mudzi woti Chekechani watisiya. Akatekisita atatchula dzina loti Rosinha pamanda, ana ena anafunsana kuti akunena yani.

Odete anabwerera kusukulu ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, n'kukhala pabenchi ndi ana amene ankamutchula kuti titiya, kutanthauza azakhali. Tsopano ankakhala kutsogolo. M'mawa nyemba, masana kalasi. Anakhoza dezima, anakhoza makalasi awiri otsatira, n'kupita ku Quelimane kukaphunzira uphunzitsi wa sayansi. Chaka choyamba masamu anamugwetsa, ndipo anabwereza. Atamaliza anapempha kuti amutumize kwawo, zimene anzake anaziona ngati matenda. Anabwera ndi sutikesi imodzi ndi telesikopu yakale, chipangizo choonera zakumwamba, imene mphunzitsi wake wina anamupatsa popuma ntchito.

M'masiku oyamba a Okutobala anaitana ana ndi makolo awo kubwalo la sukulu, dzuwa litangolowa. Mdima utagwira anawaonetsa mlalang'amba, nkhungu yoyera ija yodutsa pakati pa thambo. Anati ndi nyenyezi zosawerengeka zokhala pamodzi ngati mudzi, ndipo dzuwa lathu ndi nyumba imodzi m'mudzimo. Anawalozera timitambo tiwiri takumwera timene mphepo sititenga, n'kunena kuti timeneto ndi midzi ina ya nyenyezi, ndipo kuseri kwake kuli inanso yambirimbiri.

"Ndiye a Profesora," anafunsa a Basílio, mkulu wonyamula katundu pamalire, "munthu ataima kumeneko, chipata cha Muloza angachione?"

"Ngakhale Mozambique yense sangamuone, bambo."

"Nanga amativutitsiranji ndi mapepala?"

Anthu akuseka, Odete anaona Dona Constância ataima kumbuyo, atatsamira ndodo, mdzukulu atawakokera kumeneko. Anatembenuza telesikopu kuloza kumadzulo.

"Amayi aakulu, bwerani mudzaone Puikani asanalowe."

Gogoyo anawerama n'kuika diso. Anakhalitsa.

"Uwu ndi mwezi."

"Mwezi sunatuluke, amayi. Ndi Puikani."

"Wowonda chonchi? Ngati chikwakwa?"

"Nayenso amawonda. Ndi kuwala kwa dzuwa kumene kukumufika cham'mbali. Pakatha masabata atatu asowa kumadzulo kuno. Mukadikira masiku owerengeka, mudzam'peza kum'mawa m'bandakucha, ali chimodzimodzi."

Dona Constância anaweramuka. "Ukufuna kundiphunzitsa ine, mwana wa..." Sanamalize. Anakoka mdzukulu wawo n'kumapita.

Puikani anasowadi. Tsiku la Finados, pamene Akatolika amakalambula manda ndi kupempherera akufa, Odete anakalambula yekha manda a amayi ake monga ankachitira zaka zonse.

Inu amene anthu anakupatsani dzina losakhala lanu, nkhaniyi ndi yanu. Palibe angakulonjezeni kuti choonadi chidzafika pa nthawi yake. Cha Odete chinapeza amayi ake ali pamphasa yomaliza, ndipo digiri yake sinawabwezere tsiku ngakhale limodzi la pamsika paja. Komabe mtsikana amene ankaopa kukweza maso ndi amene lero akuphunzitsa mudzi wonse kuyang'ana kumwamba, ndipo anayamba ndi kalendala yakale ndi pensulo. Mtima wanu musausiye panjira. Dzukani mawa, mukaone nokha, mulembe zimene mwaona.

Patatha masiku anayi chichitikire Finados, kusanache, munthu anagogoda pakhomo la Odete. Anali Dona Constância, mapazi ali fumbi lokhalokha, chitenje cha kapulana atafunda kumutu. Anali atawoloka mtsinje okha.

"Tulutsa chinthu chako chija."

Odete anaimika telesikopu pabwalo. Nthanda inali itangokwera pamwamba pa mitengo. Gogoyo anaika diso, ndipo chikwakwa chija chinali pomwepo, chowonda, chowala. Anayang'ana mpaka kum'mawa kunafiira, nyenyezi zina zonse n'kuzimirira.

Kenako anatola ndodo yawo n'kukonza kapulana.

"Ukawauze akatekisita kuti Lamulungu kukhale Misa ya Rosinha," anatero akutembenuka. "Wopempha ndine."