Laputopu ya Ba Lastone Itasiya Kulankhula

Ba Lastone Mwale anabadwira ku Kafue, m'nyumba za anthu a njanji. Bambo awo anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya sitima, ndipo iwo atakula anakhala kalaliki pa fakitale. Atapuma ntchito anawasankha kukhala mlembi wa mpingo wawo ku Kafue Estates. Makalata a ubatizo, mayina a odwala oti akayenderedwe, mbiri zowerenga pamaliro, zonse zinkadutsa m'manja mwawo.

Matenda a shuga anawadya maso pang'onopang'ono, mpaka munthu ankamuona ngati mthunzi. Mwana wawo Taizya, nesi ku Kitwe, anawagulira laputopu n'kuwayatsira mawu owerenga mokweza chilichonse chili pa sikirini. Kiyibodi anailoweza kalekale, masiku a makina a taipi, choncho zala zinkalemba, khutu n'kumamvetsera.

Lachiwiri lina m'mawa laputopu inanena kuti ikulowetsa apudeti, zosintha za pulogalamu yake. Itayakanso, inangoti zii. Anadina apa, anadina apo, osamveka kanthu. Loweruka kunali maliro a Ba Fackson, mnzawo wa ku fakitale, ndipo mbiri ya malemuyo inali momwemo, yolembedwa theka.

"Nindani anaiuza kuti isinthe?" anakuwa. "Ine sininaipemphe!"

Taizya anali pantchito. Atamuimbira foni, anangoyankha mwachangu kuti afufuze pa intaneti, pa tsamba la kampani yopanga pulogalamuyo. Akazi a Ba Lastone, Ba Olipa, amene amagulitsa tomato wa ku Shimabala pamsika, anasiya katundu ndi mnzawo n'kubwerera kunyumba kudzawawerengera pa foni. Chingerezi chawo n'chochepa, ankawerenga liwu limodzilimodzi.

"Ati dinani kachizindikiro kali pakona."

"Kona iti? Nikaone bwanji? Sibaziba kuti wamene afuna mawu ni wamene saona?"

Anayesa mavidiyo. Woyamba unali nyimbo yokhayokha, kamuvi kakungoyendayenda, wopanga wake osatulutsa liwu. Wachiwiri unali wa pulogalamu yakale. Kenako anapeza poti angalankhule ndi wothandiza, koma choyamba panatuluka chithunzi cha zilembo zopindika.

"Ati mulembe ivi, musonyeze kuti ndimwe muntu," anatero Ba Olipa.

Ba Lastone anamenya tebulo, kapu n'kugwa.

"Nabala bana basanu! Naika amayi na atate m'manda! Manje makina ndiye anifunse ngati ndine muntu?"

Ba Olipa analakwitsa zilembozo katatu. Kachinayi zinatheka, koma wothandizayo anali makina enanso, amene anawabweza pa tsamba lomwe lija la kachizindikiro ka pakona. Mkwiyo wonse unagwera pa amene anali pafupi. Ba Lastone anauza akazi awo kuti sadziwa kuwerenga, kuti akanakhala wina zikanatha kale.

Ba Olipa anaika foni pansi mwakachetechete. "Atate ake Taizya, sindine ninapanga ichi chintu. Tomato yanga iola ku maketi." Anatuluka.

Lachitatu Ba Lastone anakwera minibasi okha, ndodo kumanja, laputopu kukhwapa, kupita kwa munthu wokonza makompyuta pafupi ndi siteshoni. Munthuyo sanawafunse n'komwe mmene amaigwiritsira ntchito. Anati afafanize zonse aike zatsopano.

"Vonse? Na mbili ya Fackson? Na maina ya mpingo ya zaka zisanu?" Anamulanda laputopuyo. "Leka, mwana wanga. Ungoziba kupha chabe."

Thandizo linachokera pamsika. Ba Olipa, akadali okwiya, anafotokozera Ba Alice ogulitsa nyemba pambali pawo. Ba Alice anati mkulu wawo Joyce, mphunzitsi wosaona wa ku Ndola, ali m'gulu la pa foni la anthu osaona ogwiritsa ntchito makompyuta. Lachinayi masana panafika uthenga wa mawu.

"Ba Mwale, ni Joyce. Palibe chawonongeka. Apudeti izimya chabe mawu. Dinani mabatani atatu pamodzi." Anawatchula limodzilimodzi, n'kunena pamene chala chingawapeze. "Ise tonse vinatichitikila mwezi watha. Tinabalembela ba kampani, sibanayankhe."

Ba Lastone anadina. Laputopu inalankhula nthawi yomweyo, ndi liwu lake la masiku onse, ngati palibe chinachitika. Sanaseke, sanawombe m'manja.

"Mabatani atatu," anatero. "Analephela kulemba mzele umozi pamwamba pa tsamba lawo."

Anamaliza mbiri ya Ba Fackson tsiku lomwelo, ndipo Loweruka abusa anaiwerenga kumanda. Pobwerera Ba Lastone anagwira mkono wa akazi awo n'kunena kuti, "Amake Taizya, ninakamba voipa. Munikhululukile." Ba Olipa anangoti, "Penyani dzenje," n'kuwakokera kumbali.

Lolemba anailembera kampaniyo kalata ya masamba anayi. Yankho linabwera mphindi yomweyo, lowathokoza kwambiri ndi kuwapempha kuti asankhe nyenyezi zingati pa thandizo limene alandira. Ba Lastone anatumiza kalatayo ku gulu la Ba Joyce, anthu makumi anayi n'kuikapo mayina awo, ndipo anaitumizanso ku kampani kuja. Tsopano amaitumiza Lolemba lililonse, asanayambe ntchito za mpingo.